Kalata kwa akuluakulu a ku Eastern Province: thandizo la madzi osefukira lisamayende ngati nthawi ya bwana DC wa ku Fort Jameson

Kwa a Nduna a chigawo chathu cha kum'mawa, ma DC a m'maboma onse kuyambira ku Nyimba mpaka ku Chama, a ofesi ya DMMU yoona za masoka, aphungu athu ndi makhansala, komanso mafumu athu, Inkosi yama Nkosi Mpezeni, Kalonga Gawa Undi ndi mafumu onse a ku chigwa cha Luangwa,

Ndikupatsani moni nonse mwaulemu. Bayethe Nkosi, Yoo Gawa. Ine ndine munthu wamba wa kuno ku Chipata, m'dziko lathu la Zambia, ndilibe mpando olo udindo mu chipani chilichonse, ndipo kalatayi ndailemba poyera dala kuti aliyense amene ali ndi foni awerenge, chifukwa makalata opita ku maofesi timadziwa mmene amathera, amadindidwa sitampu kenako mufayilo basi. Nkhani yanga ndi ya thandizo la anthu amene madzi awasefukira, ndi ndalama zimene zimasonkhedwa m'dzina lawo. Ndinene mosazungulira, kayendetsedwe ka thandizoli tinakatengera kwa atsamunda ndipo mpaka lero sitinakasinthe kwenikweni, tinangosintha anthu okhala pa mipando.

Inu mukudziwa kuposa ine kuti madzi kuno si mlendo. Ikafika January mpaka March Luangwa amadzaza, ndiye mitsinje yotsikira kuchigwa ngati Lupande, Lutembwe, Msandile, Lukuzye ndi Lundazi imasowa kotaya madzi ake, imabwerera m'mbuyo nkulowa m'madambo, m'minda mpaka m'midzi. Ku Mambwe, ku Lumezi, ku Chama anthu amakagona m'makalasi, chimanga chikungoyamba kumene ngaiyaye chimagona pansi pa matope, milatho ing'onoing'ono imapita, mayi woyembekezera kuti akafike ku kiliniki mpaka bwato. Ngakhale muno mu tauni, mvula ikagwa yamphamvu madzi amatsika m'mapirimu kuthamangira ku Lunkhwakwa, ndipo nyumba za zidina m'makomboni ngati Mchini, Nabvutika ndi Magazine ndi zimene zimayamba kugwa. Zimenezi si za dzulo, agogo athu amazidziwa, a zanyengo amalengeza nyengo isanayambe, koma chaka chilichonse timachita ngati tadzidzimutsidwa.

Ndiloleni ndibwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa achinyamata ambiri sadziwa kuti tauni yathu ino inali Fort Jameson ndipo mpaka 1911 ndiyo inali likulu la North-Eastern Rhodesia, pansi pa kampani ya Cecil Rhodes ija ya British South Africa Company, yomwe inalamula dziko lino mpaka 1924 pamene boma la Britain linatenga ulamuliro. Anabwera ndi mfuti, mu 1898 anagonjetsa Angoni, anapha Nsingo mwana wa Mpezeni woyamba, natenga ng'ombe zankhaninkhani. Kenako kunabwera msonkho wa nyumba, wolipira ndi ndalama, ndipo munthu wa kumudzi ndalama akanaipeza kuti? Ndiye amuna anayamba ulendo wa ku Halale, ku Joni, kenako ku migodi ya ku Copperbelt, ena osabwereranso, machona. Nthaka yabwino yozungulira Fort Jameson inali m'manja mwa kampani ina yotchedwa North Charterland, masikweya mailosi 10,000, azungu akulima fodya, eni nthaka atapanikizidwa m'malo amene ankawatcha ma reserve. Anthu atadzazana choncho anayamba kulima m'mapiri ndi m'mphepete mwa mitsinje chifukwa kunalibe kwina, nthaka nkumakokoloka, kenako boma lomwelo nkumawanena kuti sadziwa kulima ndi kuwakakamiza kukumba migula. Boma linadzagula malo a North Charterland mu 1941 zinthu zitaipa kale. Ndanena izi kuti tikamati madzi awononga, tizikumbukira kuti nthawi zambiri pali munthu amene anaganiza kale kuti uyu akhale pamtunda, uyu akhale kudambo.

Nanga tsoka likagwa, njala kapena madzi, thandizo linkayenda bwanji? Zonse zinkayambira pa boma, kwa bwana DC. Iye ndiye ankatuma amesenjala kukaona, iye ndiye ankalemba lipoti lopita ku Livingstone, kenako ku Lusaka likulu litasamuka mu 1935, iye ndiye ankaganiza ngati vutolo lakula mokwanira kuti boma litsegule thumba. Buku la maina a anthu a m'midzi limene boma linali nalo linali buku la msonkho, ndipo buku la msonkho limalemba amuna. Mayi amene mwamuna wake anachona, gogo wosunga adzukulu, munthu wolumala, amenewa m'maso mwa boma ankaoneka mwa apo ndi apo. Ndipo chinthu chimene chimandiwawa kwambiri nchakuti anthu omwewo amene ankalipira msonkho chaka ndi chaka, ena kumangidwa chifukwa cholephera, akalandira kachimanga pa nthawi ya tsoka ankauzidwa kuti nchifundo cha boma, athokoze. Mafumu anapatsidwa timaulamuliro ta m'madera awo totchedwa ma Native Authority mu 1929, kenako timatumba tawo ta ndalama cha m'ma 1936, koma kiyi weniweni anali kwa DC.

Abale athu a ku Malawi, amene ndi ife tomwe kungoti pali malire a pa Mwami pakati, amakumbukirabe njala ya 1949 nthawi ya bwanamkubwa Geoffrey Colby. Chimanga cha thandizo chinabwera inde, koma chambiri chinkagulitsidwa, ndipo oyamba kuganiziridwa anali ogwira ntchito m'boma, m'makampani ndi m'maesiteti, chifukwa ndi amene ankayendetsa chuma cha atsamunda. Amayi a m'midzi amene amuna awo anali kunja ndi amene anavutika koposa, ndipo misasa yodyetserako anthu inatsegulidwa anthu atafooka kale. Ku Zomba mu December 1946 Napolo atatsika m'phiri nkukokolola milatho ndi anthu, nkhaniyo inalembedwa bwino chifukwa Zomba linali likulu ndipo madziwo anadutsa pakhomo pa azungu. Midzi ingati ya ku chigwa cha Luangwa imene inakokoloka zaka zimenezo popanda olo mzere umodzi m'nyuzipepala?

Koma nkhani imene ndikufuna muiganizire bwino ndi ya Kariba, chifukwa kumeneko ndi kumene kusonkha ndalama zachifundo pansi pa atsamunda kunaonetsa nkhope yake yeniyeni. Damu lija linamangidwa kuyambira 1955 mpaka 1959, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuti migodi ndi mafakitale apeze magetsi. Zambezi anakana kawiri, mu 1957 ndi 1958 kunabwera madzi oopsa amene anawononga zomangamanga, Atonga nkumati ndi Nyaminyami, mzimu wa mtsinjewo, wakwiya. Koma chigumula chachikulu chinali chopangidwa ndi anthu, chifukwa khoma litatsekedwa kumapeto kwa 1958 madzi anayamba kukwera kumiza chigwa chonse cha Gwembe. Anthu pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwiri za mtsinje anachotsedwa pa nthaka yawo ya m'mbali mwa Zambezi pamene ankakolola kawiri pa chaka, kuwakweza m'malole kukawasiya kumalo ouma ngati Lusitu, manda a makolo awo kutsala pansi pa nyanja. Anthu a kwa mfumu Chipepo atakana kusamuka, mu September 1958 pa mudzi wa Chisamu apolisi anawombera, anthu 8 anafa, ena ambiri kuvulala. Bwanamkubwa nthawi imeneyo anali Arthur Benson.

Pa nthawi yomweyomweyo, nyama zakutchire zinatsekeredwa pa tizilumba madzi akukwera, ndiye panayamba ntchito imene anaitcha Operation Noah, wotsogolera wotchuka anali Rupert Fothergill wa mbali ya Southern Rhodesia. Zithunzi za azungu atanyamula agwape m'maboti zinafika m'manyuzipepala a ku London ndi maiko ena, anthu kumeneko mitima inawawa, ndalama zinasonkhedwa, mpaka azimayi achizungu ankatumiza masitokingi awo a nayiloni kuti apote zingwe zofewa zomangira miyendo ya nyama kuti zisachekeke. Nyama pafupifupi 6,000 zinapulumutsidwa, ndipo mpaka lero alendo akapita ku Kariba amauzidwa nkhani imeneyi monyadira. Ine sindidana ndi nyama ai, kupulumutsa chipembere si tchimo. Koma taganizani, dziko lonse linadziwa za miyendo ya agwape, pamene ana a Atonga ankafa ndi matenda ndi njala kumalo atsopano aja popanda wowasonkhera. Chifukwa chake nchosavuta kumva, thandizo linkatsata chimene chikukomera maso a wopereka, osati chimene wovutika akusowa, ndipo wovutikayo panalibe amene anamufunsa. Magetsi a damulo midzi yambiri ya anthu osamutsidwawo inakhala zaka makumi osawaona.

Ndipo musaganize kuti makolo athu anali ongolandira. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anthu akuda a dziko lino anasonkha ndalama za nkhondo ya Britain kudzera kwa mafumu ndi ma DC, munthu wopanda nsapato kupereka tiki yake, pamwamba pa ana awo amene anapita ndi Northern Rhodesia Regiment mpaka ku Burma. Kusonkha kotero boma linkakukonda, linkakuyamikira. Koma anthu omwewo atayamba kusonkherana pa zofuna zawo, m'ma welfare society ndi mu African National Congress ya Harry Nkumbula pokana chitaganya cha 1953, pomwepo kunabwera malamulo a zilolezo, Public Order Ordinance ya 1955 ija yoti anthu asasonkhane popanda pepala la apolisi, lamulo limene takhala nalo zaka zambirimbiri ufulu utabwera kale mu 1964. Kwa atsamunda munthu wakuda wopereka ku thumba la bwana anali wabwino, koma wogwira thumba lake yekha anali wokayikitsa. M'matauni makomiti a zachifundo ankakhala a mabwana ndi madona, kuchita madansi ndi ma bazaar ku kalabu kumene munthu wakuda ankalowa ngati wophika kapena woperekera tiyi, maina a opereka kutuluka mu nyuzipepala ndi mapaundi awo, olandira kungotchedwa kuti natives, opanda dzina.

Manje akuluakulu, tayang'anani mmene timachitira lero mundiuze ngati zasiyana kwambiri. Madzi akasefukira timadikira kaye kuti lipoti lichoke kwa khansala lipite kwa DC, lichoke kwa DC lifike ku Chipata, lichoke ku Chipata lipite ku Lusaka, anthu ali pa sukulu akuphika ndi nkhuni zonyowa. Kenako kumabwera mzere wa magalimoto akuluakulu, mafuta ake okha mwina kuposa mtengo wa katundu amene abweretsa, matumba a unga kuwaunjika bwinobwino kutsogolo, gogo mmodzi kumuimika pakati agwire thumba mbali imodzi bwana mbali inayo, makamera kuthwanima, madzulo zili pa Facebook ndi pa TV. Dzina la bwana lilipo, dzina la kampani yopereka lilipo, gogo uja ndi "mmodzi wa ovutika". Amayi amauzidwa aimbe nyimbo yothokoza. Athokoze chiyani, poti unga umenewo wagulidwa ndi msonkho umene iwo omwe amalipira akagula sopo, mafuta ophikira ndi talk time? Thandizo la boma si mphatso ya munthu, ndipo chaka cha mavoti chikayandikira ndiye zimanyanya, thumba la unga limafika ndi chitenge.

Chimene chikundidabwitsa nchakuti pa pepala zinthu zili bwino. DMMU ilipo pansi pa ofesi ya wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, lamulo la Disaster Management Act la 2010 linakhazikitsa makomiti kuyambira ku likulu, ku chigawo, ku boma mpaka ma satellite committee a m'midzi, ndiponso linakhazikitsa thumba la dziko la thandizo la masoka. CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu aliyense, inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022 ndipo yakhala ikukwerabe. Mu December 2023 lamulo la Access to Information, lopatsa anthu ufulu wofunsa ndi kuona zolembedwa za boma, linasainidwa. Ndiye zida muli nazo zimene bwana DC wa ku Fort Jameson sakanalola nkomwe kuti munthu wakuda azigwire. Funso langa ndi loti ma satellite committee amenewa, anthu a m'mudzi amawadziwa? Anasankhidwa ndi ndani, liti, pansi pa mtengo uti? Muli amayi angati? Kapena ndi maina amene amalembedwa usiku lole ya unga ikamveka kuti ikubwera mawa?

Nkhani ya mndandanda wa maina ndiye pagona vuto lalikulu. Aliyense amene anakhalako kumudzi nthawi ya thandizo amadziwa mmene zimakhalira, wolemba maina amayamba ndi a kwawo, nyumba imodzi kugawidwa patatu kuti matumba achuluke, amene nyumba yake inagwadi ali kuchipatala ndi mwana ndiye sanalembedwe, wina amafunsidwa chiphaso cha NRC pamene NRC yapita ndi madzi pamodzi ndi khadi la ku sikelo ndi mabuku a ana. Sindikuloza ofesi iliyonse chala, ndikunena khalidwe limene tonse timaliona ndipo ena a ife timapindula nalo tikakhala kuti wolembayo ndi mlamu wathu. Mankhwala ake si wekishopu ina ku lodge ndi ma alawansi. Mndandanda uwerengedwe mokweza pa bwalo, anthu onse a m'mudzi alipo, dzina ndi dzina, anthu avomere kapena akane pomwepo, kenako upachikidwe pa sukulu ndi pa kiliniki. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndiye lekani kumvera za ovutika kudzera mwa anthu atatu anayi, afunseni okha. Mukawafunsa mudzamva kuti ena sakufuna bulangete lachitatu, akufuna mbewu yocha msanga ndi mbatata yobzala madzi akaphwa kuti apezeko kanthu ku dimba, akufuna klorini chifukwa zitsime zasakanikirana ndi zimbudzi ndipo kolera tonse tinaiona mmene inavutira dziko kumayambiriro kwa 2024, akufuna maneti chifukwa madzi akaima udzudzu umabwera, atsikana akufuna zovalira kumwezi zimene palibe bwana amakumbukira kuika pa lole.

Za ndalama zosonkhedwa ndiye ndilankhule momasuka. Masiku ano tsoka likangogwa magulu a WhatsApp amatseguka, nambala ya Airtel Money kapena MoMo kuponyedwa, ana a kuno amene ali ku Lusaka, ku Copperbelt, ku Johannesburg ndi ku UK amatumiza, mipingo imayendetsa mbale, amayi a Chigwirizano ndi a m'miphakati amasonkha zovala, amalonda a ku Down Shops ndi abale athu achisilamu amapereka matumba, amayi ogulitsa tomato pa Kapata market amachotsa K5 pa phindu la tsiku. Mtima wopereka anthu a kum'mawa tili nawo, tinaonanso nthawi ya Cyclone Freddy mu March 2023 pamene abale athu a kumwera kwa Malawi, monga ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, anataya anthu oposa 1,000, anthu kuno sanadikire kuuzidwa kuti amve chisoni. Koma ndalama zikalowa, zimatuluka bwanji? Apa ndi pamene pamakhala zii. Pa maliro a kumudzi, olo a munthu wosauka chotani, pamakhala kabuku, ndipo tisanabalalike munthu amaimirira nkuwerenga kuti chipepeso chonse chinakwana mwakuti, bokosi mwakuti, unga mwakuti, ndiwo mwakuti, yatsala mwakuti ndipo tapereka kwa amasiye, anthu nkuwomba m'manja. Ngati nyakwawa wosapita ku sukulu amatha zimenezi, chingalepheretse nchiyani ofesi yokhala ndi ma accountant ndi makompyuta?

Ndiye pempho langa pa ndalama ndi ili, ndipo likupita kwa boma, kwa mipingo, kwa mabungwe ndi kwa ma admin a magulu a WhatsApp mofanana. Chilichonse cholandiridwa m'dzina la anthu a madzi osefukira chilengezedwe, ndalama zingati, matumba angati, matenti angati, kuchokera kwa ndani, ndipo chapita mudzi uti tsiku liti, wasaina ndani. Muwerenge pa Breeze FM ndi pa Radio Maria m'Chinyanja, ku Lundazi ndi ku Chama m'Chitumbuka, osati kungoika PDF ya Chingerezi pa intaneti imene munthu wa kwa Nabwalya olo kwa Malama sadzaiona. Muonetsenso padera ndalama zimene zapita ku mafuta ndi ma alawansi, tione ngati thandizo likudya thandizo. Lipoti la Auditor General, mkulu wofufuza mmene ndalama za boma zayendera, limabwera patapita chaka kapena kuposa, tinaona ndi ndalama za Covid, pofika nthawi imeneyo matenti anang'ambika kale ndipo anthu anaiwala. Ife tikufuna kumva mwezi womwewo.

Kwina ndidutse mwachangu. Katundu wa thandizo azikafika ku Mambwe, ku Lumezi ndi ku Chama mu October misewu ikadali youma, asungidwe komweko, osati kuyamba kufunafuna lole mu February msewu wa Lundazi kupita ku Chama utasanduka phala. Maboti akhale kuchigwa ndi mafuta ake ndi munthu wodziwa kuyendetsa. A khonsolo ya mzinda wa Chipata, paja tinakhala city mu 2017, ngalande zitsegulidwe mvula isanagwe, ndipo amene amagawa mapuloti m'mapiri ndi m'mphepete mwa Lunkhwakwa adziwike, chifukwa mitengo ikatha pa phiri madzi amatsika ndi miyala ndipo amagwera wosauka wa kumunsi. Pa ndalama za CDF, kalavati imodzi yomangidwa bwino imapulumutsa anthu ambiri kuposa mabulangete 500 ogawidwa pa kamera, kungoti kalavati sivota.

Ndibwerere ku nyama pang'ono, chifukwa nkhani ya Kariba ija ili ndi mdzukulu wake kuchigwa kwathu. Kuyambira pamene mzungu wina woona za nyama, Norman Carr, anagwirizana ndi mfumu Nsefu mu 1950 kutsegula malo oonera nyama, Luangwa yakhala yotchuka dziko lonse, South Luangwa inakhala national park mu 1972, ndipo ndalama zambiri zimasonkhedwa kunja m'dzina la njovu, mikango ndi akambuku a kumeneko. Zina mwa ndalamazo zamanga masukulu ndi zitsime, ntchito anthu apeza, zimenezo sindikana. Koma munthu wa kwa Kakumbi, kwa Mnkhanya kapena kwa Nsefu madzi akasefukira amalimbana ndi zitatu nthawi imodzi, madziwo, ng'ona zimene zabwera ndi madzi mpaka pafupi ndi khomo, ndi njovu zimene zimadzamaliza kachimanga kotsala pamtunda. Njovu ikaphedwa magalimoto amafika tsiku lomwelo, munthu akaphedwa ndi njovu achibale amayenda maofesi mpaka nsapato kutha. Akuluakulu, khalani pansi ndi eni ma lodge ndi mabungwe a zanyama, pakhale gawo lodziwika, lolembedwa, la ndalama za alendo limene limapita ku thumba la masoka la midzi yozungulira paki, ndipo m'komiti yoyang'anira thumbalo mukhale anthu a m'midzimo amene ali ndi mphamvu yokana, osati oitanidwa kudzavina alendo akabwera.

Kwa inu mafumu athu, ndilankhula nditagwada. Atsamunda anakusandutsani otolera msonkho ndi owerenga mitu ya anthu, mwambo wa Angoni wa Nc'wala anauletsa mpaka unadzabwerera mu 1980. Lero ulemu wanu unabwerera, ku Mtenguleni mu February ndi ku Mkaika pa Kulamba mu August kumabwera atsogoleri a maiko, makampani amapikisana kuika mabanala awo. Nc'wala imachitika mwezi womwewo umene anthu a kuchigwa amakhala m'madzi. Mawu amodzi ochokera kwa inu pa bwalo limenelo, akuti kampani iliyonse yoika banala iikenso kanthu mu thumba la masoka la chigawo ndipo thumbalo liziwerengedwa poyera chaka chotsatira pa bwalo lomwelo, angachite zimene makalata 100 ngati yanga ino sangachite. Ndipo nkhani yosamutsa anthu kuchoka m'malo osefukira ili m'manja mwanu chifukwa nthaka ndi yanu. Anthu sakhala kudambo chifukwa cha uchitsiru, amakhalako chifukwa nthaka yake ndi yachonde, madzi ali pafupi, nsomba zilipo ndipo makolo awo anagona pomwepo. Mukangowauza kuti samukani nkuwasiya pa mtunda wa miyala popanda chitsime, sukulu olo chigayo, abwerera mvula ikangotha, ndipo mudzakhala mwachita za ku Lusitu zomwe zija. Apatseni malo a nyumba pamtunda koma minda yawo ya kumunsi ikhalebe yawo, ndipo chitsime chiyambe kukumbidwa anthu asanasamuke.

Kwa aphungu ndi makhansala, a chipani cholamula ndi otsutsa chimodzimodzi, chotsani makada pa mzere wa unga. Madzi safunsa khadi la chipani akamalowa m'nyumba. Ndipo gulu la achinyamata kapena mpingo ukasonkha katundu wake nkufuna kukapereka okha, athandizeni ndi mndandanda woona ndi galimoto ngati ilipo, musawauze kuti asiye katunduyo ku ofesi kuti bwana adzapereke yekha akapeza mpata ndi kamera. Kugwirizanitsa ntchito nkofunika inde, kuti mudzi umodzi wa m'mbali mwa tala usalandire kanayi pamene wa kutsidya sunalandire olo kamodzi, koma kugwirizanitsa si kulanda.

Chilala cha 2024, chimene mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 February chaka chimenecho, chinaonetsa kuti ndalama zikhoza kufika kwa munthu pa foni mwachindunji popanda kudutsa m'manja ambiri. Njira imeneyo muigwiritsenso ntchito pa madzi osefukira kumene netiweki ndi misika zilipo, munthu agule yekha chimene akusowa, malata kapena mbewu kapena mankhwala, m'malo momusankhira ngati mwana.

Ndikupempha kuti mvula isanayambe, DC aliyense wa maboma a kuchigwa aitanitse msonkhano wa poyera, osati mu holo ya lodge koma pa bwalo la sukulu kumene madzi amafika, abwere ndi mapepala atatu: maina a anthu a mu satellite committee ya dera limenelo, katundu amene ali kale mu sitolo ya boma limenelo, ndi ndalama zonse za thandizo zimene zinalowa ndi kutuluka nyengo yathayi. A wailesi akhalepo aulutse. Tsiku la msonkhanowo mulilengeze kutatsala sabata ziwiri kuti anthu a kutali apeze njinga.

Ine wanu,
Mwana wa kuno ku Chipata